Momwe mungadutsire pa chipikisheni cha pabwalo la ndege ndi pa kasitomu osalandidwa katundu

Ntchito yaikulu ili kunyumba, polongedza. Yambani ndi pasipoti: mayiko ambiri amafuna kuti ikhale itatsala ndi miyezi 6 kapena kuposerapo isanathe ntchito.

Kenako siyanitsani katundu. Zamadzimadzi zolowa m'chikwama cha m'manja, monga mafuta odzola, pefyumu ndi mankhwala otsukira mano, zikhale m'mabotolo osapitirira mamililita 100, onse m'kajumbo kamodzi koonekera ka lita imodzi. Amayang'ana kukula kwa botolo, osati zotsalamo. Botolo lalikulu amalitaya ngakhale mutatsala madontho okha. Lamuloli linayamba mu 2006, apolisi a ku Britain atatulukira chiwembu chophulitsa ndege ndi mabomba amadzimadzi. Mabwalo ena okhala ndi makina atsopano ounikira katundu analifewetsa, koma inu longedzani ngati likadalipo. Mipeni ndi sizasi zipite mu sutikesi yaikulu, yomwe mumapereka kuti ikaikidwe kumalo a katundu m'ndege. Power bank ndi mabatire apadera ayi, muyende nazo m'manja, chifukwa zikayaka kumalo a katundu palibe angazimitse msanga.

Fikani kutatsala maola atatu. Pamakina, ikani laputopu, lamba, jekete ndi za m'matumba mu thileyi. Nthabwala za bomba zisiyeni, anthu amamangidwa nazo.

Mukatera, mabwalo ambiri ali ndi makomo awiri a kasitomu. Lobiriwira ndi la amene alibe choti aonetse, lofiira ndi la amene ali nacho. Kulowa lobiriwira n'kunena kale kuti mulibe kanthu, ndiye akakupezani nacho, kuiwala si chifukwa. Mukakayika, pitani kofiira. Ndalama zokwana mayuro 10,000 kapena kuposerapo polowa m'mayiko a European Union, kapena zoposa madola 10,000 ku United States, mukhoza kunyamula bola muzilembetse. Nyama ndi zamkaka zochokera kunja kwa European Union sizilowa, ndipo ku Australia ndi New Zealand ngakhale chipatso chomwe munalandira m'ndege chikhoza kukulipitsani chindapusa. Mankhwala akhale m'mapaketi ake, pamodzi ndi kalata ya dokotala.

Nanga kaphukusi kamene wina wakupemphani kuti mukamuperekere? Katseguleni iye akuona, muone chilichonse. Akakana, nanunso kanani, ngakhale akhale m'bale wanu. Zopezeka m'chikwama chanu mumayankha ndinu.