Momwe Mungathandizire Wachibale Amene Wayamba Kuonetsa Zizindikiro za Psychosis

Psychosis ndi matenda a maganizo amene amachititsa munthu kumva mawu kapena kukhulupirira zinthu zimene kulibe. Nthawi zambiri amayamba munthu ali ndi zaka za pakati pa 15 ndi 30, ndipo asanafike poonekeratu pamadutsa miyezi ya zizindikiro zazing'ono zimene a m'nyumba angathe kuziona.

Choyamba, pezani kope ndipo muzilemba tsiku ndi zimene mwaona: kuchezera usiku osagona, kudzitsekera m'chipinda, kusiya kusamba, kulephera mwadzidzidzi kusukulu, kapena kuganiza kuti anthu akumunena. Lembaninso ngati amasuta chamba, chifukwa chamba chimawonjezera chiopsezo, komanso ngati pamtundu panu panakhalapo wodwala chonchi.

Kenako mulankhule naye muli awiri. Musatsutsane naye pa zimene akumva. Yambirani pa zimene iye mwini akuvomereza kuti zikumusautsa, monga kusowa tulo ndi mantha, ndipo zimenezi zikhale chifukwa chopitira kuchipatala.

Kuchipatalako ndi kumene ife zinativuta. Mng'ono wanga atakhala pamaso pa dokotala anayankha mafunso onse modekha, akumwetulira, nkunena kuti kunyumba zonse zili bwino, ndipo tinabwerera ndi mapiritsi a tulo okha. Zimenezi zimachitika kawirikawiri, popeza munthu amatha kudzigwira kwa mphindi zochepa zimene ali m'chipinda chopimira. Tsono musanalowe, muuzeni wodwalayo kuti inunso mulankhulapo, perekani kope lija kwa dokotala, ndipo pemphani mosapita m'mbali kuti aonedwe ndi wodziwa za matenda a maganizo. Musamunamize za kumene mukupita, chifukwa munthu amene akukayikira kale anthu akangogwira bodza limodzi sadzakukhulupiriraninso.

Apa ndichenjezeko za ogulitsa mankhwala pa intaneti amene amalonjeza kukonza ubongo, ndiponso za achibale obwereketsa mapiritsi a wodwala wina. Ambiri mwa amene ali pachiopsezo safika podwala kwenikweni, ndipo kwa iwowa madokotala amayamba ndi uphungu wa CBT (wothandiza munthu kusintha kaganizidwe ndi kachitidwe kake ka zinthu) ndi kuphunzitsa banja, osati mankhwala amphamvu.

Zotsalazo ndi za tsiku ndi tsiku. Musaphonye masiku obwererera kuchipatala, chepetsani kumudzudzula ndi kumulondalonda, muonetsetse kuti akugona, ndipo muzisinthana pomusamalira. Akatchula zodzipha, mupite naye kuchipatala tsiku lomwelo.