Momwe mungasamalire makina opindira zitsulo asanafike powonongeka

Makina opindira zitsulo, omwe ambiri timangowatchula kuti press brake, amayamba achenjeza asanaime. Pampu imasintha kaliridwe, pansi pamaoneka timadontho ta oyilo, chitsulo chimene mwapinda chimatuluka ngodya yosiyana mbali ziwirizo. Musadikire zimenezo.

Musanagwire kalikonse, tsitsani ram (chigawo cholemera chimene chimatsika n'kupanikiza chitsulo) mpaka pansi kapena muichirikize bwino, muzimitse magetsi pa switchi yaikulu, mukhomepo loko, kiyi ikhale m'thumba mwanu.

Tsiku lililonse pukutani punch (chida chapamwamba chokankha chitsulo) ndi die (chida chapansi chokhala ndi kukamwa kooneka ngati V). Chitsulo chakuda chimasiya tizinyenyeswa touma timene timadya mapewa a die pang'onopang'ono. Mukapukuta, pakani kamafuta kochepa poteteza dzimbiri. Pa chitsulo wamba, kukamwa kwa die kukhale pafupifupi kasanu n'katatu kuyerekeza ndi kuchindikala kwa chitsulocho, ndiye kuti cha mamilimita 3 chimafuna die ya mamilimita 24. Mukapanikizira chochindikala pa die yaing'ono pofuna kufulumira, mudzaswa zida.

Tsopano oyilo wa mu thanki amene amakankha ram, ndipo apa ndichedwapo chifukwa mpomwe ndinaonera zakuda. Ndinagulapo oyilo kwa wogulitsa wina amene ankatunga mu mgolo wotsegula kale, mtengo wake wotsika mokopa. Sipanapite nthawi, ram inayamba kutsika monjenjemera, kenaka mbali imodzi inkatsalira. Titatsegula, tinapeza valavu itagwidwa ndi tizinyalala tosaoneka ndi maso patali, pansi pa thanki pali matope. Ntchito inaima, ndipo ndalama yokonzetsera inaposa kutalitali imene ndinapulumutsa ija. Mavalavu a makina amenewa ali ndi timipata tating'ono kwambiri, kafumbi kochepa kamakwanira kuwatseka.

Choncho gulani oyilo wosindikizidwa chivindikiro, wa mtundu umene buku la makina anu lanena. Ambiri amagwiritsa ntchito oyilo wolembedwa kuti ISO VG 46, koma onani kaye bukulo, ndipo musasakanize mitundu. Ngakhale oyilo watsopano, thirani kudzera mu fyuluta, osati ndi chigubu chimene chakhala chikugubuduzika pansi. Sabata iliyonse yang'anani pa kagalasi ka thanki. Akaoneka ngati mkaka, mwalowa madzi. Akachita thovu, pampu ikukoka mpweya penapake. Akada n'kumanunkha chopserera, watha ntchito. Kutentha kwake kusapitirire madigiri 60 a Celsius, apo ayi masilo (timphira totsekera oyilo) amauma n'kuyamba kudontha. Posintha oyilo tsukani thanki ndi nsalu yosasiya ulusi, musinthenso fyuluta ndi kachivindikiro kopumira mpweya. Chenjerani ndi mafyuluta achinyengo: bokosi lake lokongola, koma mukawanyamula ndi opepuka modabwitsa.

Mwezi uliwonse thirani girisi pa njanji ndi pa ball screw (chitsulo chamazinga) yoyendetsa back gauge, chotsamirapo chitsulo chakumbuyo chija, koma muyambe mwachotsa wakale amene wasakanikirana ndi fumbi. Kenaka pindani tizidutswa titatu ta chitsulo chimodzi, kumanzere, pakati ndi kumanja, muyeze ngodya. Zikasiyana, ram sinakhale molingana kapena crowning (yokweza pang'ono pakati pa tebulo kuti ngodya ifanane) ikufunika kuikonza.

Zotsalazo n'zodziwika. Mangani mabawuti omasuka, onani mapaipi ngati sanatupe kapena kukhulika, tsukani tizisefa ta mafani a bokosi la magetsi. Yesani batani loimitsira mwadzidzidzi ndi kuwala kotchinga manja (koimitsa makina dzanja likadutsapo) m'mawa uliwonse, ndipo wina asakuchotsereni zimenezi ati kuti ntchito ithamange. Zonse muzilemba m'kabuku kokhala pa makinapo, tsiku ndi maola amene makina agwira.