Musatulutse pulogalamu musanaiyese ndi anthu asanu

Mlangizi aliyense wa zaulimi amadziwa kuti mbewu yosunga kunyumba saidzala munda wonse asanaiyese kameredwe. Umatapa njere 100, kuzifesa pa kabedi, kuthirira, ndipo pakatha sabata umawerenga zomwe zamera. Zikamera zochepa wapulumutsa feteleza, thukuta ndi nyengo yonse ya dzinja. Ndikulemba izi kwa inu achinyamata amene mukupanga mapulogalamu a pafoni kuno ku Mzuzu, kaya mwachokera ku Mzuni ku Luwinga, kaya mumakumana ku Mzuzu E-Hub, kaya mukudziphunzitsa nokha m'chipinda ku Chibavi. Ntchito yanu nayo ili ndi kayesedwe kake ka kameredwe, ndipo ambiri mukukadumpha.

Ndaona mapulogalamu abwino ndithu opangidwa mumzinda uno: olembera ndalama za banki mkhonde, olumikiza alimi a khofi ndi ogula, oitanira kabaza. Vuto ndi lakuti woyesa amakhala yemwe uja wapanga, mwinanso mnzake wa m'kalasi. Inu mumadziwa kale pomwe pali batani lililonse chifukwa munaliika nokha. Chala chanu chimapita chokha. Mayi wogulitsa tomato ku Zigwagwa alibe mwayi umenewo, ndipo iyeyo ndiye mwini pulogalamuyo.

Nkhaniyi akatswiri anaifufuza kalekale. M'chaka cha 1993, Jakob Nielsen ndi Tom Landauer anawerengera kuchuluka kwa zolakwika zomwe zimaonekera ukamawonjezera anthu oyesa pulogalamu. Pofika mu 2000 Nielsen analangiza poyera kuti anthu asanu okha amakuonetsa pafupifupi 85 peresenti ya mavuto a kagwiritsidwe ntchito. Munthu woyamba amakuphunzitsa zambiri, wachiwiri amabwereza zina n'kuwonjezerapo zake, ndipo ukafika pa wachisanu umangoona zomwe waona kale. Choncho ngati muli ndi mphamvu zoyesa anthu 15, musawaitane tsiku limodzi. Yesani asanu, kakonzeni, yesani asanu ena, kakonzeninso, kenako asanu otsiriza. Ulendo wachiwiri ndi umene umakuuzani ngati mankhwala anu achiza kapena abweretsa nthenda ina.

Koma asanuwo akhale eni ake enieni. Ngati pulogalamu ndi ya alimi, pitani ku Ekwendeni kapena kwa alimi a m'mphepete mwa Lunyangwa, osati ku laibulale. Pakhale amayi ndi abambo, wachikulire amene maso ayamba kuvuta, wina amene sukulu analekezera ku pulayimale. Ngati ogwiritsa ntchito ali magulu awiri osiyana, monga mlembi wa gulu ndi mamembala wamba, gulu lililonse likhale ndi anthu ake atatu kapena anayi.

Ndipo muwatsatire kumene ali, pa foni zawo. Foni yanu ili ndi malo ambiri, batire yabwino ndi sikirini yowala. Ya kasitomala wanu mwina ndi yosweka pakona, yodzaza ndi zithunzi za pa WhatsApp, ndipo kuwala anakuchepetsa kuti moto ufike madzulo. Pamsika pali phokoso, dzuwa likuwomba pa sikirini, dzanja lina lagwira chenji. M'miyezi ya June ndi July kuno zala zimauma ndi chisanu, ndipo kamvula kowaza kaja kakanyowetsa galasi, foni imadina pomwe munthu sanafune. Zonsezi mu ofesi simungazione.

Tsopano kayesedwe kake, pomwe ndikufuna tikhalitsepo.

Mukafika, perekani moni mwaulemu, fotokozani chomwe mwadzera, ndipo pemphani chilolezo, makamaka ngati mujambule mawu kapena kanema. Dziko lathu lili ndi lamulo loteteza zinsinsi za anthu la 2024, komanso ndi ulemu chabe. Musapemphe nambala yachinsinsi ya munthu, musayesere pa ndalama zake zenizeni. Kenako nenani mawu awa momveka: "Amama, sitikuyesa inu ayi, tikuyesa foniyi. Mukasokonezeka ndiye kuti talakwitsa ndife, ndipo mwatithandiza." Mawu amenewa musawaiwale. Munthu wamkulu akapatsidwa foni ndi mnyamata wa ku yunivesite amamva ngati ali pa mayeso, ndipo akalephera amadziimba mlandu yekha.

Mukatero mupatseni ntchito yeniyeni, osati malangizo a podina. Musanene kuti "dinani pa batani lobiriwiralo." Nenani kuti, "Membala wina wabweza K5,000 pa ngongole yake. Tailembeni." Basi. Mumupemphe kuti azilankhula zomwe akuganiza pamene akugwira ntchitoyo: akufuna chiyani, akuyembekezera kuti chichitike n'chiyani akadina apa. Njira yolankhula maganizo mokweza imeneyi anaifotokoza Clayton Lewis ku kampani ya IBM mu 1982, ndipo mpaka lero palibe chida chotsika mtengo kuposa chimenechi.

Ndiye inu khalani chete. Apa ndi pomwe pamagona nkhani, ndipo ndi pomwe ambiri amagwa. Munthu akamazungulira pa sikirini osapeza batani lomwe inu mukuliona, dzanja limayabwa kufuna kumulozera. Ligwireni. Mukamuthandiza mwafufuta chomwe munabwerera, chifukwa mawa akadzakhala yekha kunyumba inu simudzakhalapo. Akakufunsani kuti "ndidine pati?", mubwezereni mofatsa: "Inuyo mukuona ngati ndi pati, adada?" Kuona maso a nkhono n'kudekha. Mupite awiri, wina azicheza ndi munthuyo, wina azilemba pomwe waima, pomwe wabwerera m'mbuyo, pomwe wapumira m'mwamba.

Funso lakuti "mwaikonda?" lisiyeni kunyumba. Ife Amalawi sitinyoza ntchito ya mlendo pamaso pake. Munthu angavutike mphindi khumi, thukuta kutuluka, koma pomaliza adzati "ili bwino kwambiri, mwaphika." Khulupirirani zala zake kuposa pakamwa pake.

Ndikupatseni chitsanzo chomwe ndinaona ndi maso anga. Anyamata ena anapanga pulogalamu ya banki mkhonde, ndipo anayesetsa kuimasulira m'Chichewa. Batani lomaliza, lotumizira zomwe walemba, analilemba kuti "Perekani". Mayi wina mlembi wa gulu analemba dzina bwinobwino, n'kulemba ndalama, koma atafika pa batanilo anaika foni pansi. Anati, "Ine sindipereka, ndalamazi si zanga, ndikungolembera gulu." Kwa iwo mawu akuti kupereka amatanthauza kuti ndalama zichoka mu foni mwawo. Anyamatawo anasintha n'kulemba "Sungani". Ulendo wachiwiri bambo wina anafunsa ngati akudina pamenepo ndiye kuti akusungitsa masheya, pomwe iye amalemba ngongole. Mawu onse awiri anali Chichewa cholondola, koma pa banki mkhonde ali kale ndi ntchito yawo. Chomwe chinagwira ndi "Ndamaliza kulemba". Palibe bukhu lomasulira mawu likanawauza zimenezi. Anawauza ndi anthu awiri amene anapatsidwa mpata wosokonezeka.

Nkhani ya chilankhulo kuno ku Mzuzu ndi yaikulu kuposa momwe opanga mapulogalamu a ku Lilongwe ndi Blantyre amaganizira. Pamsika mumamveka Chitumbuka, Chichewa, Chitonga cha ku Nkhata Bay, Chinkhonde cha ku Karonga. Munthu amene amagula ndi kugulitsa m'Chichewa tsiku lonse mwina sanazolowere kuchiwerenga, ndipo pa nkhani ya ndalama amafuna "enya" ndi "yayi" wake wa Chitumbuka. Funso losankhira chilankhulo likhale loyamba penipeni mu pulogalamu yanu, ndipo dzina la chilankhulo chilichonse lilembedwe m'chilankhulo chomwecho. Komanso musamasulire mokakamiza mawu omwe anthu anawazolowera kale. Ngati aliyense amati bandulo, PIN, ajenti, asiyeni choncho.

Kwa amene kuwerenga kumawavuta, pali kafukufuku wothandiza wochokera ku India. Indrani Medhi ndi anzake a ku Microsoft Research mumzinda wa Bangalore anagwira ntchito zaka zingapo ndi anthu osadziwa kuwerenga, ambiri mwa iwo amayi ogwira ntchito m'nyumba za anthu. Anapeza kuti zithunzi zojambula pamanja, zokhala ndi mawu omveka ukazikhudza, zimamveka bwino kuposa tizizindikiro ta pa kompyuta tomwe ife timationa ngati n'todziwikiratu. Anapezanso kuti manambala ambiri amawawerenga ngakhale zilembo zikuwakanika, ndiponso kuti menyu yokhala ndi nthambi mkati mwa nthambi imasocheretsa kwambiri. Taganizani kachizindikiro ka disiki kamene timati n'kosungira. Ndi angati pa Chiputula anaonapo disiki yoteroyo?

Chitsanzo china chili kwathu konkuno. Kuyambira 2001, Gerry Douglas ndi bungwe la Baobab Health anaika makompyuta odina pa galasi pa chipatala chachikulu cha ku Lilongwe, chomwe lero ndi Kamuzu Central. Anadziwa kuti alembi ndi anamwino ambiri sanagwirepo kompyuta ndipo ali ndi mzere wautali wa odwala, ndiye anaika mabatani akuluakulu ndi funso limodzi pa sikirini imodzi. Njira imeneyi inafalikira m'zipatala zambiri m'dziko muno. Funso limodzi, yankho limodzi, kenako lotsatira. Tengerani pamenepo.

Za kukula kwa batani si nkhani ya kukongola. Katswiri wina, Paul Fitts, anaonetsa mu 1954 kuti chinthu chikakhala chaching'ono ndiponso chili patali, dzanja limatenga nthawi yaitali kuchifikira. N'chifukwa chake malangizo a Android amati malo odina asachepere 48dp (dp ndi muyeso wa pa sikirini) mbali zonse, omwe ndi mamilimita pafupifupi 9. Chala cha mlimi amene wagwira khasu zaka 30 si cha wophunzira. Ndipo batani lofufutira lisagundane ndi lovomerezera.

Ambiri mwa anthu omwe mukufuna kuwafikira ali ndi foni ya mabatani, choncho njira yanu idzakhala ya USSD, yonga *211# ya Airtel Money kapena *444# ya TNM Mpamba. Pamenepa malo ndi ochepa: tsamba limodzi silipitirira zilembo 182, ndipo munthu akachedwa kuyankha zimaduka n'kuyambiranso pachiyambi. Mawu a Chichewa ndi a Chitumbuka ndi aatali, ndiye werengani zilembo musanalonjeze. Chomwe anthu amafuna kawirikawiri chikhale pa nambala 1. Nambala yobwerera m'mbuyo ikhale imodzimodzi pa tsamba lililonse. Poyesa, muonetsetse kuti wowerenga pang'onopang'ono akutha kufika kumapeto zisanaduke, chifukwa amene zamudukira kawiri sabweranso kachitatu. Pa ndalama paliponse, musanatumize muonetseni munthu dzina la wolandira ndi kuchuluka kwake kuti avomereze. Aliyense wa ife amadziwa wina amene anatumiza ndalama ku nambala yolakwika, ndipo mantha amenewo anthu amabwera nawo pa pulogalamu yanu.

Netiweki nayo iyeseni. Ofufuza anapeza kuti chinthu chikayankha mkati mwa sekondi imodzi maganizo a munthu saduka, koma zikapitirira masekondi 10 amayamba kuganiza zina. Pa msewu wotsikira ku Nkhata Bay kapena m'midzi ya ku Rumphi masekondi 10 ndi chinthu cha tsiku ndi tsiku. Sikirini ikangokhala duu, munthu amadinanso, ndipo mwina walipira kawiri. Muuzeni kuti "Dikirani, tikutumiza", ndipo zikatheka muuzeninso kuti zatheka. Zikakanika, nenani chomwe chachitika ndi chomwe achite, makamaka ngati ndalama zake zachoka kapena ayi. Uthenga wa manambala a zolakwika ndi wanu inu opanga, iye sumuthandiza kanthu.

Wina anena kuti tilibe ndalama zochitira kafukufuku. Simufunika ngakhale pulogalamu yomalizidwa. Dulani mapepala kukula ngati foni, jambulani tsamba lililonse ndi cholembera, ndipo mnzanu akhale ngati foniyo: munthu akakhudza batani lojambulidwa, iye amuikire pepala lotsatira. Anthu amamasuka kudzudzula pepala kuposa chinthu chonyezimira chomwe akuona kuti mwachivutikira, ndipo kusintha pepala ndi mphindi ziwiri pomwe kusintha pulogalamu ndi masiku. Chomwe mungawononge ndi ya minibasi ndi kangachepe kothokozera munthu amene wasiya benchi yake theka la ola, kaya ndi mayunitsi kaya sopo. Musapite nthawi ya m'mawa pomwe malonda ali pakati, ndipo kwa alimi pewani masiku odzala ndi opalira.

Mukabwerako khalani pansi tsiku lomwelo, zinthu zikadali m'mutu. Vuto lomwe lagwetsa anthu atatu mwa asanu, kapena lomwe lingataitse munthu ndalama ngakhale wagwa nalo ndi mmodzi, ndilo loyamba kukonza. Za mtundu wa utoto zidikire. Mukakonza, funani anthu asanu atsopano, chifukwa akale aja anaphunzira kale njira ndipo adzadutsa mosavuta pomwe mlendo angapunthwe. Ngati ulendo woyamba munali ku Zigwagwa, wachiwiri mukayesere ku Ekwendeni, pa foni ya mabatani.