Build ikafa pa main: momwe mungaidzutsire osafufuta ntchito ya anzanu

Mwatsegula GitHub (malo a pa intaneti osungirako code ya pulojekiti) m'mawa, mwapeza pafiira, build (kumanga ndi kuyesa pulogalamu) yafa pa main, nthambi yaikulu ya code yomwe nonse mumadalira. Musathamangire kuloza munthu chala. Yambani ndi git pull kuti mukoke zosintha zatsopano, fufutani node_modules kapena venv yanu (mafoda osungira ma package omwe pulojekiti imadalira), muikenso zonse mwatsopano, kuti muone ngati ikufanso pa kompyuta yanu. Zimenezi zimadya data koopsa. Ine ndimalolera kukwera kombi kuchoka ku Mufakose kukadya Wi-Fi ya achimwene ku Avondale, mumzinda wa Harare momwemo.

Ngati yafadi kwa aliyense, tsegulani issue (lipoti la vuto pa GitHub) msanga kuti anzanu asapitirize kuunjika ma commit (zosintha zosungidwa mu mbiri ya code) pamwamba pa chowola.

Kenako git bisect, yofufuzira commit yomwe yaononga zinthu. Mumaiuza commit yomwe zinthu zinkayenda bwino ndi yomwe zafa, iyo imadula pakati, inu n'kumayesa, n'kumayankha good kapena bad. Pa ma commit 100, yolakwika imapezeka mutayesa maulendo 7 okha.

Apa ndi pomwe ine ndinapsa manja. Nditaipeza commit ija, ndinabwerera m'mbuyo ndi git reset --hard, n'kukankha ndi git push --force. Magetsi anali atazima, batire ya laputopu ikutha. Batire imeneyo ndinagula madola 15 kwa mnyamata wina m'tauni, akulumbira kuti ndi yatsopano, koma siinkatha mphindi 20. Ndiye ndinkachita zonse mwaphuma. Build inabiriwira, ine kukagona mtima uli m'malo. Kutacha ndinapeza uthenga wa mayi wina amene tinkagwira naye pulojekitiyo, akufunsa mwaulemu kuti ntchito yawo ya masiku awiri yapita kuti. Reset ija inakokolola ma commit onse amene anabwera pambuyo pa yolakwikayo, kuphatikizapo awo. Mwayi wake anali nawo pa kompyuta yawo, anangokankhanso. Mpaka lero ndikawona dzina lawo ndimachita manyazi.

Chofunika ndi git revert. Imapanga commit yatsopano yobweza cholakwikacho, mbiri yonse imakhala momwe inaliri. Ngati mukubweza merge (commit yophatikiza nthambi ziwiri), onjezani -m 1, apo ayi git ikana.

Zotsalazo mukuzidziwa: tsegulani pull request (pempho loti zosintha zanu zilowe mu main), dikirani CI (makina oyesa build pa okha) ibiriwire, muuzeni mwini commit uja kuti akonze n'kuwonjezera test. Ndipo pemphani maintainer (woyang'anira pulojekiti) atseke force push pa main kudzera mu branch protection, malamulo otetezera nthambi. Ifeyo tinatseka tsiku lomwelo.