Momwe mungakonzere chithunzi cha pafoni kuti chioneke ngati cha filimu

M'nyumba zambiri muli chithunzi chimodzi chimene mwini wake sangalole kuti mwana achigwire ndi manja a ndiwo. Mwina ndi cha ukwati wa makolo, mwina cha agogo atavala jekete la ku Joni, dzanja lili pa wailesi. Anajambula ndi bambo uja ankayenda ndi kamera pa njinga, amene ankati mudikire kaye filimu ithe, zithunzi n'kudzabwera patapita milungu zitatsukidwa kutauni. Tachiyang'anani bwino. Mitundu yake ndi yofatsa, kuwala kwake sikuthobwa m'maso, ndipo pamene pali mdima sipakuda bii. Foni ya lero imaona zambiri kuposa kamera ya bambo aja, koma imakokomeza: chimanga chimabiriwira ngati chapentedwa, tsitsi lililonse limawerengeka.

Ambiri akafuna maonekedwe akalewo amangothira chikasu pachithunzi chonse. Zotsatira zake munthu amaoneka ngati akudwala. Ntchito yeniyeni ndi yochepetsa zimene foni yawonjeza, ndipo ingatheke ndi mapulogalamu awiri otsitsa mwaulere: Snapseed ya Google, kapena Lightroom ya Adobe ya pafoni. Manambala ali m'munsimu ndi a Lightroom, ndipo ndi poyambira chabe.

Yambani musanajambule

Filimu monga Kodak Portra 400 kapena Kodak Gold 200 imapirira kuwala kochuluka. Malo owala amayera pang'onopang'ono, ulusi wa malaya oyera n'kumaonekabe. Kamera ya digito ilibe chipiriro chotere. Pamene payera mbee payera basi, palibe pulogalamu ingabweze. Choncho pojambula dinani pa nkhope ya munthuyo, kenako tsitsani pang'ono kuwala ndi kachizindikiro ka dzuwa kamene kamatuluka pa skirini. Chithunzi choderako pang'ono chimakonzeka.

Zimitsaninso Beauty ngati foni yanu ili nayo, chifukwa imasalaza nkhope ngati sopo. Ndipo sankhani nthawi: m'mamawa, kapena dzuwa litapendeka, kuyambira cha m'ma 4 koloko. Musazengereze, kwathu kuno dzuwa likangofiira silichedwa kulowa. Mu Seputembala ndi Okutobala, fumbi ndi utsi wa lupsa zimafewetsa kuwala mwakuti theka la ntchito limakhala latha kale.

Gawo loyamba: kuwala

Lowetsani chithunzi mu Lightroom, tsegulani Light. Tsitsani Highlights (malo owala) kufika pa -40, kwezani Shadows (malo amdima) pa +15, tsitsani Contrast (kusiyana kwa kuwala ndi mdima) pa -10. Chithunzi chioneka ngati chazilala. Musadandaule, n'zimene tikufuna pakadali pano.

Gawo lachiwiri: Curve

Apa m'pamene pagona nkhani. Mukadina Curve, mu Light momwemo, muona mzere wochoka pansi kumanzere kupita pamwamba kumanja. Nsonga ya pansi ndi malo akuda kwambiri pachithunzi, ya pamwamba ndi malo oyera kwambiri. Musanasunthe kalikonse, ikani madontho atatu pamzerewo motalikirana mofanana, kuti pakati pasamayende. Tsopano kwezani nsonga ya pansi pang'ono zedi, kuti chakuda chikhale ngati makala ogwiragwira phulusa. Tsitsani nsonga ya pamwamba pang'ononso, kuti choyera chikhale ngati mkaka. Kenako dontho la m'munsi litsitseni pang'ono, la m'mwamba likwezeni, mzere upindike ngati S waulesi.

Chenjerani ndi nsonga ya pansiyo. Mukaikweza kwambiri, chithunzi chimachita nkhungu ngati m'mawa wa Juni ku Dedza, ndipo khungu lakuda limatuwa ngati la munthu wosadzola. Mu Snapseed chida chomwechi chimatchedwa Curves ndipo chimagwira ntchito chimodzimodzi.

Gawo lachitatu: kutenthetsa mtundu

Pitani ku Color, kankhirani Temp kumanja pakati pa +5 ndi +10. Ngati munajambula dzuwa likulowa, mwina osaikhudza n'komwe. Yesani ndi chinthu choyera chimene chili pachithunzi, kaya malaya, kaya khoma la laimu: chizioneka choyerabe, chongopsa pang'ono ndi dzuwa. Chikafanana ndi papaya, bwererani.

Gawo lachinayi: mitundu umodziumodzi

Mu Color Mix mtundu uliwonse uli ndi zosinthira zitatu. Hue imasintha mtunduwo, Saturation imauwonjezera kapena kuuchepetsa mphamvu, Luminance imauwalitsa kapena kuudetsa. Wobiriwira ndiye amaulula msanga kuti chithunzi ndi cha foni, makamaka nthawi ya dzinja, Januwale ndi Febuluwale, pamene kulikonse kuli msipu. Kankhirani Hue yake cha ku chikasu ndi -15, Saturation pa -25. Wabuluu muchepetseni ndi -15, thambo ndi madzi a kunyanja zifatse. Wofiira musamuvutitse kwambiri, chifukwa dothi la katondo ndi chitenje cha mayi ndizo zimapatsa chithunzi moyo.

Gawo lachisanu: khungu, ndipo apa musafulumire

Khungu la munthu, kaya lakuda kaya loyererako, pulogalamu imaliwerenga kwambiri ngati mtundu wa Orange, ndi pang'ono Red. Ndiye kuti kutenthetsa mwachita kuja kwafikanso pankhope.

Pali mbiri imene aliyense wotengera maonekedwe a filimu ayenera kuidziwa. Kuyambira m'zaka za m'ma 1950, malo otsukira zithunzi ankalinganiza makina awo poyang'ana khadi la Kodak lokhala ndi chithunzi cha mayi wachizungu, lodziwika kuti Shirley card. Khungu lake ndilo linali muyezo wa mtundu wolondola. Makhadi okhala ndi amayi a makungu osiyanasiyana anadzabwera m'ma 1990. N'chifukwa chake pa zithunzi zina zakale nkhope za abale athu zimangooneka mano ndi maso. Mbali imeneyo ya filimu si yoti tiitengere. Ma preset (zosintha zokonzeratu, zongoika pachithunzi) ambiri ogulitsidwa pa intaneti amaonetsedwa pa anthu oyera khungu, ndipo mukawaika pa mlongo wanu amasanduka wa mtundu wa njerwa. Ine sindiona chifukwa chowonongera ndalama pamenepo.

Chitani izi. Kulitsani chithunzi mpaka tsaya lidzaze skirini. Mu Color Mix, pa Orange, tsitsani Saturation pakati pa -5 ndi -10 kuti muchotse kufiira kumene Temp yabweretsa. Luminance ikwezeni ndi +5 ngati nkhope yabisika, koma osapitirira +10. Kupyola apo mwayamba kumuyeretsa munthu, ndipo anzake adzafunsa mafuta amene wayamba kudzola. Hue ya Orange isiyeni pomwe ili. Mukatha, gwirani chala pachithunzi kuti muone mmene chinalili poyamba, muchotse, mugwirenso. Funso ndi limodzi: kodi mayi ake angamuzindikire mtundu wake? Mu Snapseed, chida cha Selective chimakulolani kuika dontho pankhope n'kukonza pokhapo.

Gawo lachisanu ndi chimodzi: kamchenga

Filimu imapangidwa ndi timibulu ta mchere wa siliva timene timagwira kuwala, ndipo filimu ya nambala yaikulu, monga 800, imakhala ndi timibulu tokulirapo kuposa ya 200. Ndito timaoneka ngati kamchenga pachithunzi. Mu Effects, ikani Grain pa 20, Size pa 25, Roughness isiyeni pa 50. Pomwepo tsitsani Clarity ndi -8 kuti kuthwa kwa foni kuphwe. Mu Snapseed gwiritsani Grainy Film, koma Style Strength muitsitse kwambiri, apo ayi iphimba mitundu yonse mwavutikira ija. Chithunzi chojambulidwa usiku chimakhala kale ndi madontho akeake, musawonjezere.

Wofuna kupitirira akhoza kulowa mu Color Grading n'kuika kachikasu pa Highlights, Hue 45 ndi Saturation 10, ndi kabuluu kochepa pa Shadows. Zoika mikwingwirima yabodza, fumbi labodza ndi deti lofiira pakona, zisiyeni. Pakatha chaka zimachititsa manyazi.

Kusunga ndi kutumiza

Mukakhutira, ikani foni pansi, mukamwe madzi, mudzayang'anenso. Maso amazolowera chikasu msanga, ndipo kawirikawiri mukabwerera mupeza kuti mwapyola muyezo. Kenako sungani zosinthazo ndi Create Preset kuti zithunzi zonse za tsiku limodzi, monga za chinkhoswe, zifanane. Khungu lokha muziliyang'ana pa chithunzi chilichonse, chifukwa wokhala pamthunzi wa mtengo wa mango ndi woima padzuwa safuna manambala ofanana.

WhatsApp imapanikiza zithunzi kuti zichepe, ndipo choyamba kuwonongeka ndi kamchenga kaja, kamene kamasanduka timabokosi. Tumizani ngati Document, kapena dinani HD, ngakhale bandulo idyekako. Chimene mwachikonda kwambiri pitani nacho ku studio akakutsukireni pa pepala losanyezimira, la 6 ndi 4 mainchesi, ndipo muwauze asachikonzenso pa kompyuta yawo.