Kusamala mkono wa fistula kwa amene ali pa dialysis

Impso zikafooka mpaka kulephera kusefa magazi, odwala ambiri amayamba dialysis, komwe ndi kusefa magazi ndi makina, kawirikawiri katatu pa sabata, maola pafupifupi 4 ulendo uliwonse. Makinawo amakoka magazi mothamanga kwambiri, moti mtsempha wamba sungakwanitse. N'chifukwa chake dokotala amalumikiza mtsempha wochotsa magazi kumtima ndi wobweza magazi kumtima, pafupi ndi dzanja kapena pachigongono. Njirayi imatchedwa fistula. Madokotala a ku New York, Brescia ndi Cimino, ndi amene anaifalitsa mu 1966, ndipo imakhalitsa komanso sitenga majeremusi msanga ngati kachubu ka dialysis kamene ena amaikidwa m'khosi.

Fistula yatsopano siibayidwa ndi singano za dialysis nthawi yomweyo. Imadikira masabata 6 kapena kuposerapo kuti mtsempha ukule n'kulimba.

Tsopano ntchito yanu yaikulu ndi iyi. M'mawa uliwonse, ikani zala zitatu pamalopo mosadinikiza. Muzimva kunjenjemera kosalekeza, ngati foni ikamanjenjemera m'thumba. Kumeneko ndiye kuyenda kwa magazi. Tsiku limene mwagwira koma kuli zii, musayembekezere tsiku lanu la dialysis. Mwina magazi aundana mkatimo, ndipo mukafika kuchipatala tsiku lomwelo fistulayo ingapulumuke. Samalaninso masiku amene mukusanza kapena kutsegula m'mimba, chifukwa zimenezi zimatsitsa BP, ndipo BP ikatsika kwambiri fistula ingatseke.

Mkono umenewu usapimidwe BP, usatengedwe magazi, usaikidwe diripi. Ambiri amachita manyazi kuuza namwino amene wagwira kale mkono, amangokhala chete. Musatero, nenani mwaulemu kuti, “Pepani, uku kuli fistula, gwiritsani winawu.” Namwino wa kuwodi ina sangalote. Wotchi, chibangili, malaya othina, kutsamira mkonowo pogona ndi kukoleka chikwama cholemera, zonsezi zimapana mtsempha.

Sambani mkonowo ndi sopo musanabayidwe, ndipo nkhanambo za pamene panalowa singano musamatong'ole, ngakhale ziyabwe bwanji. Pakayamba kutuluka magazi muli kunyumba, dinikizani ndi kansalu koyera osasuzumira kwa mphindi 10. Akapanda kusiya, kapena ngati akuthovoka, thamangirani kuchipatala mukudinikizabe. Pitaninso msanga pamalopo pakafiira, kutentha kapena kutuluka mafinya, ndiponso zala za mkonowo zikamazizira n'kuchita dzanzi.