Khadi la ngongole ku UK: kutola basela popanda kugwa m'katapila

Amene munagulako tomato pa Lizulu mukudziwa mmene basela amayendera. Mwagula milu itatu imene munabwerera, mayi wogulitsa akuponyerani awiri apamwamba, mwathokoza, mwanyamuka. Palibe munthu wanzeru amagula milu khumi yoti ikaolere kunyumba pofuna tomato awiri aulerewo. Cashback (kandalama kamene banki imakubwezerani pa zimene mwagula ndi khadi) ndi mapointi a ndege amene mabanki a kuno amalengeza usana ndi usiku ndi basela yemweyo. Amakoma ngati abwera pa zinthu zimene mukanagula kale ndi ndalama zimene muli nazo kale. Mukayamba kugula chifukwa cha iwo, amene akudya basela ndi banki.

Tiyeni tiwerengere limodzi. Tinene kuti pa mwezi mumagwiritsa ntchito £800 pa chakudya, mafuta a galimoto, basi ndi tina ndi tina, ndipo khadi lanu limabweza 0.5 peresenti. Ndiye kuti mwapeza £4 pa mwezi, £48 pa chaka. Tsopano tinene kuti mwasiya ngongole ya £1,000 pakhadipo osaimaliza, pa chiwongoladzanja cha 25 peresenti pa chaka. Mwezi uliwonse banki ikutengerani pafupifupi £20. Basela wa chaka chathunthu watha m'miyezi iwiri ndi theka. Ndiye chinthu choyamba, musanaganize n'komwe za khadi labwino, ndi ichi: tsiku limene khadi lafika, lowani mu app ya banki, ikani Direct Debit yolipira ngongole yonse mwezi uliwonse. Yonse, osati kandalama kochepa kaja amalemba kuti minimum payment. Kandalama kameneko kamangolipira chiwongoladzanja ndi kachidutswa kakang'ono ka ngongole, moti munthu akhoza kukalamba akulipira filiji imene inawonongeka kalekale. Wolipira zonse pa nthawi yake salipira chiwongoladzanja pa zogula, ndipo makhadi ambiri amapereka masiku ofika 56 ndalama isanafunike. Ngati mukudzidziwa kuti mwezi wina simudzakwanitsa, kapena muli kale ndi ngongole ya ejenti amene anakuthandizani kubwera, nkhani ya mapointi iyambe yadikira. Debit card yanu ikukwanirani.

Kwa amene mwangofika kumene, vuto ndi lakuti mabanki sakudziwani. Mbiri yanu yabwino ya ku National Bank kapena ku Standard Bank ya kumudzi siwoloka nyanja. Kuno mbiri ya ngongole imasungidwa ndi makampani atatu, Experian, Equifax ndi TransUnion, ndipo inu mumayamba ndi tsamba loyera. Pali mwayi umodzi umene Amalawi ambiri amaudumpha: popeza Malawi ali mu Commonwealth, munthu amene ali ndi chilolezo chokhala mu UK amaloledwa kulembetsa m'kaundula wa ovota kudzera ku khonsolo ya dera lake. Mabanki amayang'ana m'kaundula ameneyo potsimikiza kuti mumakhaladi pa adiresi imene mwapereka. N'zaulere, ndipo zimatenga mphindi zochepa pa intaneti. Kenako musamangofunsira makhadi paliponse. Pempho lililonse lenileni limasiya chizindikiro pa mbiri yanu, ndipo zizindikiro zikachuluka m'miyezi yochepa mumaoneka ngati munthu amene madzi afika m'khosi. Gwiritsani ntchito eligibility checker, imene imakuuzani mwayi wanu popanda kusiya chizindikiro chimene obwereketsa angaone. Khadi loyamba mwina lidzakhala la ndalama zochepa, lachiwongoladzanja chokwera, lopanda basela aliyense. Lilandireni. Muzigulira mafuta okha, Direct Debit izilipira, ndipo pakatha chaka zitseko zina zidzatseguka. Kuphonya kulipira kumakhala pa mbiri yanu zaka 6, ndipo kudzakutsatirani tsiku limene mudzafune ngongole ya nyumba.

Ambiri timaonera mavidiyo a pa YouTube a anthu ouluka m'mipando yogona chifukwa cha mapointi, n'kumadabwa kuti ife tikulakwitsa pati. Ambiri mwa anthu amenewo ali ku America. Kuno, kuyambira 2015, lamulo linaika malire pa ndalama imene banki ya mwini khadi imalandira kuchokera ku sitolo: 0.3 peresenti pa khadi la ngongole la Visa kapena Mastercard. Banki imalandira zochepa pa chogula chilichonse, n'chifukwa chake cashback ya makhadi amenewa imakhala yaing'ono, nthawi zambiri kota kapena theka la peresenti. Makhadi amene American Express (Amex) imatulutsa yokha sagwidwa ndi malire amenewo mofanana, ndiye amapereka zochulukirapo, koma si sitolo iliyonse imawalandira. Tesco, Sainsbury's ndi masitolo akuluakulu ambiri amalandira. Kasitolo ka pakona kamene timagulako ufa, chambo chouma ndi nyemba nthawi zambiri kamakana. Choncho amene akufuna kutola zambiri amayenda ndi makhadi awiri: la Amex lopanda malipiro a pachaka, ndi lina la Visa kapena Mastercard logwira pamene loyambalo lakanidwa. Awiri akwana. Ine sindinaonepo munthu wogwira mashifiti a usiku amene anapindula ndi makhadi asanu. Ndinangoona masiku olipira akusokonekera.

Musaiwalenso makhadi a sitolo, Clubcard ya Tesco ndi Nectar ya Sainsbury's. Amenewa si ngongole, ndipo mitengo yotsika imene amapereka pa shelefu kawirikawiri imaposa cashback yonse ya banki. Onetsani la sitolo, lipirani ndi la banki, mwatola kawiri pa dengu limodzi.

Tsopano nkhani imene ikutikhudza ife kuposa anthu ena: kutumiza ndalama kumudzi. Chaka china tinataya malume. Uthenga unafika usiku, kumudzi kukufunika bokosi, galimoto yonyamula thupi ndi chakudya cha anamfedwa, malipiro anga ali kutali ndi sabata ziwiri. Ndinatumiza ndalama kudzera pa app ina ndi khadi la ngongole, mumtima ndikuti ndidzabweza mwezi ukatha, ndipo mwina nditolapo ndi mapointi. Sitetimenti itabwera ndinapeza kuti banki inawerenga ndalamazo ngati ndatapa pa ATM. Inadula ndalama yapadera tsiku lomwelo, chiwongoladzanja chinayamba kuwerengedwa kuyambira tsiku lomwelo, popanda masiku achisomo aja, ndipo pointi ngakhale imodzi sinabwere. Maliro sadikira, ndipo sindinong'oneza bondo kuti ndinatumiza. Chimene ndikufuna mudziwe n'chakuti mabanki ambiri amatenga kutumiza ndalama, kugula ndalama zakunja ndi kutapa pa ATM ngati cash advance, ndipo malipiro ake amakhala pafupifupi 3 peresenti kuwonjezera pa chiwongoladzanja. Fizi ya ana, feteleza, malata, ndalama za pa Airtel Money kapena Mpamba za amayi, zonsezi zizichokera mu akaunti yanu kapena pa debit card. Ndipo ngati mungathe, sungani kathumba kapadera ka zadzidzidzi, ngakhale £30 pa mwezi, chifukwa kwathu foni ya usiku imabwera ndithu.

Pamene khadi la ngongole limaonetsa mphamvu zake zenizeni ndi pa tikiti yopita kumudzi, ndipo mphamvuzo si mapointi. Lamulo la Consumer Credit Act la 1974 lili ndi gawo lotchedwa Section 75. Mukagula chinthu cha mtengo woposa £100 mpaka £30,000 ndi khadi la ngongole, wogulitsa akalephera kupereka chimene munagwirizana, kapena kampani ikagwa, banki ili ndi mlandu wofanana ndi wa wogulitsayo ndipo mukhoza kuitanitsa ndalama zanu kwa iyo. Debit card ilibe chitetezo cha lamulo chimenechi. Koma chenjerani apa: chitetezochi chimafuna kuti ndalama ichoke pakhadi panu kupita kwa amene akukupatsani chinthucho. Mukadutsira kwa munthu wapakati chikhoza kuduka, ndipo mukatumiza ndalama mu akaunti ya "m'bale wina wa pa WhatsApp amene amapeza matikiti otchipa," mulibe pogwira paliponse. Gulani pa tsamba la kampani ya ndege yeniyeniyo, ngakhale mtengo ukwere ndi mapaundi angapo. Ndalama ya tikiti ikhale itasonkhanitsidwa kale mu akaunti, khadi lingokhala njira yodutsira.

Nanga mapointi angakufikitseni ku Lilongwe? Angathandize, koma njira yathu ndi yokhota. Palibe ndege yochoka ku London molunjika ku Kamuzu International Airport kapena ku Chileka. Timadzera ku Addis Ababa ndi Ethiopian Airlines, ku Nairobi ndi Kenya Airways, kapena ku Johannesburg. Mapointi ofala kwambiri kuno ndi Avios, a British Airways, amenenso Qatar Airways inayamba kugwiritsa ntchito mu 2022. Makampani a ndege ali m'magulu ogwirizana pa mapointi: Ethiopian ili mu Star Alliance, Kenya Airways ili mu SkyTeam, ndipo Avios kawirikawiri sagwira ntchito m'magulu awiri amenewa. Avios akhoza kukufikitsani ku Johannesburg, koma kuchoka pamenepo muyenera kuganizira tikiti ina, katundu wanu ndi nthawi yosinthira ndege. Virgin Atlantic inalowa mu SkyTeam mu 2023, ndiye mapointi ake ali m'banja limodzi ndi Kenya Airways. Musanasankhe khadi, yambani mwafunsa kuti ndege imene mumakwera nthawi zonse ili m'gulu liti. Ndi zachisoni kusonkhanitsa mapointi zaka zitatu n'kupeza kuti sapita kwanu.

Dziwaninso kuti tikiti ya mapointi si yaulere. Misonkho, kuphatikizapo Air Passenger Duty ya boma la UK, ndi ndalama zina zimene makampani a ndege amawonjezera, mumalipira ndi mapaundi, ndipo pa ulendo wautali zimafika mazana angapo. Mipando ya mapointi imakhalanso yochepa, ndipo imatha msanga pa Disembala ndi pa tchuthi cha Julayi ndi Ogasiti, nthawi yomweyo imene tonse timafuna kupita ndi ana. Kuwerengera kwake n'kosavuta: tengani mtengo wa tikiti ya ndalama, chotsanipo zimene mulipirebe pa tikiti ya mapointi, zotsalazo gawani ndi chiwerengero cha mapointi. Pointi imodzi ikamatuluka pansi pa peni imodzi, ine ndimaona kuti cashback wamba ikanakuchitirani bwino, popeza ndalama ilibe nyengo ndipo imagula tikiti ya ndege iliyonse. Makhadi a British Airways a Amex ali ndi voucha yoti munthu wachiwiri akwere popanda Avios owonjezera, koma imafuna kuti mugwiritse ntchito £15,000 pa chaka pakhadilo. Kwa banja la anthu awiri ogwira ntchito n'zotheka. Kwa munthu mmodzi amene lendi yake sadutsa pakhadi, chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere.

Basela wamkulu ndi wa polowa: khadi latsopano limalonjeza mapointi ambiri kapena cashback yokwera ngati mugwiritsa ntchito ndalama zakutizakuti m'miyezi yoyamba. Musathamangitse chiwerengerocho ndi zogula zosafunika. Dikirani nthawi imene chinthu chachikulu chikubwera kale: matikiti a banja, inshuwalansi ya galimoto ya chaka chonse, kapena malipiro a ziphaso, monga a chilolezo chokhazikika amene ali pafupifupi £3,000 pa munthu mmodzi. Ndalama zikhale zili pambali, mutsimikize kuti kumene mukulipirako amalandira mtundu wa khadi lanu, kenako funsirani.

Apa pamabwera yesero lina la kwathu. Achimwene a kutchalitchi akuti, "Ndigulireni tikiti pakhadi lanu, ndikubwezerani mwezi ukatha, inu mutolepo mapointi." Banki sidziwa achimwenewo. Imadziwa dzina lanu lokha, ngakhale mutawatengera khadi lachiwiri pa akaunti yanu. Ngati mukufuna kuthandiza, ndalama zawo ziyambe zalowa mu akaunti yanu, tikiti igulidwe pambuyo. Zimamveka zouma, koma zimasunga chibale kuposa kukumbutsana ngongole pakhomo pa tchalitchi.

Mukafika kumudzi, makhadi ambiri a UK amawonjezera pafupifupi 3 peresenti pa chilichonse chogulidwa ndi ndalama yakunja. Alipo amene sawonjezera, monga Halifax Clarity ndi Barclaycard Rewards, ndipo kwa munthu wopita kumudzi kapena ku South Africa kawirikawiri, kupewa 3 peresenti imeneyo kumaposa cashback ya chaka. Makina a pahotela kapena pabwalo la ndege akakufunsani ngati mukufuna kulipira m'mapaundi kapena m'ndalama ya dzikolo, sankhani ya dzikolo, makwacha ku Malawi, marandi ku Johannesburg. Mukasankha mapaundi, mtengo wosinthira amauika ndi eni makinawo. Kunja kwa masitolo akuluakulu ndi mahotela a m'tauni ndi a kunyanja, khadi silipita patali; kumsika ndi kumudzi ndi makwacha a m'manja ndi ndalama za pafoni.

Abale a ku Joni, maina okha ndiwo asintha: eBucks ya FNB, UCount ya Standard Bank, Greenbacks ya Nedbank. Kumeneko basela amakula malinga ndi mlingo umene banki yakuikani, ndipo mlingowo umakwera mukatenga zinthu zambiri za banki yomweyo. Werengani ndalama imene akaunti ikukudulani mwezi uliwonse, muiyerekeze ndi basela amene mwalandiradi, osati amene analonjezedwa.

Amene ngongole ya khadi yakupanikizani kale, musabise mpaka makalata ofiira achuluke. StepChange, National Debtline ndi Citizens Advice amathandiza mwaulere ndiponso mwachinsinsi, ndipo wina aliyense wofuna kuti mumulipire kuti akukonzereni ngongole mukhoza kumusiya.

Mapointi amene muli nawo musawasunge ngati ng'ombe za m'khola, chifukwa sabereka. Makampani amasintha mitengo yake nthawi imene afuna. Avios amafa ngati papita miyezi 36 popanda kulowa kapena kutuluka ngakhale imodzi. Ndipo ngati mwaganiza zobwerera kumudzi kokakhazikika, kapena mukutseka khadi la Amex, yambani mwasamutsira mapointi ake ku akaunti ya ndege kapena kuwagwiritsa ntchito, lipirani ngongole yonse, letsani malipiro a mwezi ndi mwezi amene amadutsa pakhadilo, kenako ndiye muimbire banki kuti itseke.